Lamba wa pulezidenti, kansalu komwe kamayambanitsa akuluakulu ku Latin America

Pa 1 Januwale 2023, anzanga ambiri akadali mu chisangalalo cha nyuwere, ine ndinali chigonere pa mkeka foni ili m'manja cha m'ma 10 koloko usiku, kuonera zomwe zimachitika ku Brasília, likulu la dziko la Brazil, komwe nthawi imeneyo dzuwa linali lisanalowe. A Lula da Silva anali atalumbira kale ku palamenti, chinatsala ndi chinthu chimodzi basi, kukwera chikweza cha simenti chija cholowera ku Palácio do Planalto, komwe kuli ofesi ya pulezidenti, kuti pamwamba pakepo mtsogoleri wotuluka awaveke lamba wobiriwira wa mzere wachikasu pakati. Koma wowaveka panalibe. A Jair Bolsonaro, omwe anagonja pa chisankho cha pa 30 Okutobala 2022 ndi mavoti opitirira pang'ono 2 miliyoni, anali atakwera ndege pa 30 Disembala ulendo wa ku Florida kutangotsala masiku awiri, ndipo wachiwiri wawo a Hamilton Mourão nawonso anakana, ati ntchito imeneyo si yawo. Ndiye dziko lonse la anthu oposa 200 miliyoni linangokhalira kufunsana kuti kodi lambayu apereka ndani?

Zomwe ndinaona usiku umenewo sindidzaiwala. A Lula anakwera chikwezacho atagwirana mikono ndi anthu wamba asanu ndi atatu, mmodzi anali mfumu Raoni wa mtundu wa Kayapó wa ku nkhalango ya Amazon, gogo wokalamba zedi atavala nthenga zachikasu kumutu ndi kathabwa kozungulira pa mlomo wam'munsi monga mwa chikhalidwe chawo, panalinso kamnyamata ka zaka 10, mphunzitsi, mayi wophika, bambo wogwira ntchito mu fakitale ya zitsulo, mnyamata wolumala, ngakhale galu wawo Resistência anali pompo, galu yemwe anatoledwa pa msasa wa anthu omwe ankagona panja pa ndende ku Curitiba masiku 580 omwe a Lula anali m'chitokosi. Atafika pamwamba lamba uja anayenda dzanja ndi dzanja, aliyense kumugwirako n'kupatsira mnzake, mpaka anafika kwa Aline Sousa, mayi wachikuda wa zaka 33 yemwe ntchito yake ndi yotoleza mabotolo, zitini ndi makatoni m'zinyalala, ntchito yomwe anaiyamba ali ndi zaka 14. Iyeyo ndi amene anakweza manja n'kuwaveka a Lula kudzera kumutu, kuwakonza bwinobwino paphewa ngati mmene mayi amakonzera mwana yunifomu m'mawa, kenako anakumbatirana. Ine misozi inalengeza, sindinama. Pajatu Brazil ndi dziko lomwe linalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, ena mwa iwo anakwezedwa zombo pa Quelimane pompa ku Mozambique, ndipo linali lomaliza ku America konse kuthetsa ukapolo mu 1888, ndiye kuona manja a mayi ngati ameneyo akuveka mtsogoleri wa dziko si nkhani yaing'ono ayi. Patangotha sabata imodzi, pa 8 Januwale, otsatira a Bolsonaro anakwera chikweza chomwecho n'kukaswa magalasi ndi mipando m'nyumba yomweyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuifufuza nkhani ya malamba amenewa. Tikunena nsalu yaitali yopapatiza ija, ena amangoti sashi, yonga ija amavala a Miss Malawi kapena mkwatibwi pa bridal shower, yochoka paphewa lamanja kupingasa pachifuwa mpaka m'chiuno kumanzere, koma iyi imakhala ya mitundu ya mbendera ya dziko ndipo pakati amapetapo chizindikiro cha boma ndi ulusi wa golide. Ku Brazil amati faixa. M'mayiko oyankhula Chisipanishi dzina lake ndi banda, eya, banda ngati dzina lathu lomweli, amati banda presidencial, kuchokera ku Mexico mpaka kutsika ku Chile ndi Argentina pafupifupi pulezidenti aliyense amakhala naye. Ku Ecuador anachita kulembapo mawu ndithu, akuti Mi poder en la Constitución, kutanthauza kuti mphamvu zanga zili m'malamulo a dziko, kuti wovalayo akamawerama aziwerenga yekha pachifuwa pake.

Chiyambi chake sichinali cha mapulezidenti, chinali cha kunkhondo. Ku Ulaya zaka za m'ma 1500 ndi 1600 asilikali analibe mayunifomu ofanana ngati lero, aliyense amavala zomwe wapeza, ndiye mu utsi wa mfuti muja kuti udziwe mnzako ndi mdani amamanga nsalu yamtundu pachifuwa kapena m'chiuno, a ku Spain yofiira, a ku France yoyera, a ku Holland ya olenji. Mafumu nawo anaitengera, akafuna kulemekeza munthu amamupatsa mendulo yopachika pa nsalu yopingasa chonchi, mwachitsanzo mfumu Carlos III ya ku Spain inakhazikitsa ulemu wake wotere mu 1771 ndipo mtundu womwe unadzakhazikika pa nsalu yake ndi wa buluu wowala ndi woyera pakati. Abwanamkubwa omwe Spain imatumiza kukalamulira madera ake ku America amaoneka ndi zinthu ziwiri, lamba ndi ndodo, ukaona zimenezo umadziwa kuti apa pali mawu a mfumu. Ku France nako zitasintha zinthu mu 1789, chaka chotsatira anayamba kuveka mameya lamba wa buluu, woyera ndi wofiira kusonyeza kuti mphamvu tsopano zachoka kwa mfumu zapita kwa anthu, mpaka lero meya wa ku France akamamangitsa ukwati amavala ameneyo.

Ndiye taganizani, mayiko a ku America aja akuthamangitsa Spain m'ma 1810 ndi 1820, mfumu aikana, chisoti chachifumu sachifuna n'komwe, koma anthu akumudzi adziwa bwanji kuti pa gulu la amuna ovala majekete ofanana apa mtsogoleri ndi uti? Nthawi imeneyo kulibe wailesi, kulibe zithunzi, munthu umatha kufa osaiona nkhope ya wokulamulira. Anangotenga lamba yemwe anthu anamuzolowera kale uja n'kumusintha mtundu. Ku Buenos Aires msonkhano wa atsogoleri unalamula mu Januwale 1814 kuti mkulu wa boma, woyamba wake anali Gervasio Posadas, azivala lamba woyera pakati ndi buluu m'mbali, ndipo ambiri amaona kufanana kwake ndi nsalu ya Carlos III ija. Brazil inachedwa chifukwa inali ndi mfumu yakeyake mpaka 1889, lamba wawo anabwera ndi lamulo lomwe pulezidenti Hermes da Fonseca anasaina mu Disembala 1910. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti chisoti chachifumu munthu amafa nacho, chimakachoka pamutu pa mtembo n'kupita kwa mwana wake, pomwe lamba anamupanga kuti azivulidwa munthu uli moyo, uli ndi mphamvu zako zonse, pamaso pa anthu, n'kumupereka kwa wina yemwe mwina mwatukwanizana naye miyezi isanu ndi umodzi pa kampeni. Kuvala aliyense angathe, telala wa pamsika atha kukusokera wako mawa lomwe. Povuta ndi povula, komanso manja omwe akukuveka. Ife zimenezi sitingazidabwe, kumudzi mfumu sidzilonga yokha, pamakhala ambumba ndi mafumu anzake omwe amaiveka, ndipo wina akangodzuka n'kudziveka mkanjo yekha mudzi wonse umadziwa kuti apa pabuka mlandu.

A Bolsonaro sanali oyamba kuthawa mwambowu ku Brazil. Asilikali analamulira dzikolo zaka 21 kuyambira 1964, ndipo womaliza wawo anali General João Figueiredo. Mu Januwale 1985 aphungu ndi nthumwi anasankha munthu wamba, a Tancredo Neves, dziko lonse linasangalala kuti mdima watha, koma usiku wa pa 14 Malichi, mawa lake kuli kulumbira, a Tancredo anathamangira nawo kuchipatala ndi ululu wa m'mimba ndipo sanachirenso, anamwalira pa 21 Epulo asanavaleko lambayo ngakhale kamodzi. Amene analumbira m'malo mwawo ndi wachiwiri wawo a José Sarney, munthu yemwe chaka chapitacho anali mtsogoleri wa chipani chothandiza asilikali omwewo asanawagalukire. A Figueiredo amamuona ngati wompereka, anakanitsitsa kumuveka, anatuluka ku Planalto osadzera khomo lakumaso. Zinatenga mpaka pa 1 Januwale 2003 kuti pulezidenti wosankhidwa ndi mavoti a anthu aveke mnzake wosankhidwanso ndi mavoti a anthu, koyamba pa zaka zoposa 40. Tsiku limenelo a Fernando Henrique Cardoso akuvula lamba kudzera kumutu anakola magalasi awo amaso n'kugwa pansi, ndipo a Lula, mdani wawo pa ndale yemwe anagonja kwa iwo kawiri konse, anawerama kuti awatolere. Kanthu kakang'ono, koma anthu a ku Brazil amakakumbukirabe mpaka lero.

Ku Argentina mkangano wa 2015 unali wa malo. Mayi Cristina Fernández de Kirchner amatuluka, a Mauricio Macri amalowa atapambana pang'ono chabe pa 22 Novembala. Mayi amati lamba ndi ndodo ndikapereka ku palamenti, komwe kunali anthu awo ambiri, a Macri amati ayi, mukandipatsire ku Casa Rosada, nyumba ya boma, monga ankachitira akale. Anakokanakokana pa foni ndi pa Twitter mpaka nkhani inakalowa kukhothi, woweruza María Servini n'kugamula kuti ulamuliro wa mayi ukutha 12 koloko usiku wa pa 9 Disembala. Mayi anati ngati zili choncho sindibwera. Ndiye kwa maola pafupifupi 12 dziko linali m'manja mwa a Federico Pinedo, mkulu wogwirizira wa Senate, ndipo ndi iwowo omwe anaveka a Macri pa 10 Disembala. Kunena zoona onse awiri sanachite bwino, anthu akuluakulu kulephera kugwirizana za chipinda chokha. Chokoma n'chakuti mu 2019 a Macri atagonja anapita okha ku palamenti, kuja ankakana kuja, n'kukaveka a Alberto Fernández ndi manja awo.

Ku Chile kuli kosiyana pang'ono. Kumeneko pulezidenti aliyense amasoketsa lamba wakewake ndipo amapita naye kwawo akamaliza, chomwe chimayenda dzanja ndi dzanja ndi kanyenyezi ka nsonga zisanu komwe amakoloweka kumunsi kwa lambayo, amati piocha de O'Higgins, potengera dzina la Bernardo O'Higgins yemwe anatsogolera dzikolo litangomasuka. Amafotokoza kuti mu Januwale 1823 anthu otchuka a mu Santiago atamuuza kuti watikwana, O'Higgins anavula lamba wake yekha n'kumuika patebulo m'malo moitana asilikali kuti akhetse magazi. Kanyenyezi koyambirira kanasowa pa 11 Seputembala 1973, tsiku lomwe ndege zankhondo zinaphulitsa nyumba ya boma ya La Moneda, pulezidenti Salvador Allende n'kufera momwemo, General Augusto Pinochet n'kulanda boma. Komwe kalipo pano n'kopanga kachiwiri. Pa 11 Malichi 1990 Pinochet yemweyo anaima mu palamenti ku Valparaíso n'kukapereka, ndipo amene anaveka a Patricio Aylwin ndi mkulu wa Senate a Gabriel Valdés. Ku Chile mpaka pano wotuluka saveka wolowa lamba mwachindunji, zimadzera kwa mkulu wa Senate, kuti zioneke kuti mphamvu zabwerera kaye kwa eni ake zisanapite kwa wina.

Za ku Bolivia zimandimvetsa chisoni. Kumeneko pamodzi ndi lamba pali mendulo ya golide ndi dayamondi yomwe dzikolo litangobadwa mu 1825 linapangira Simón Bolívar, mtsogoleri wa nkhondo zothamangitsa Spain, iye n'kuibweza kwa iwo mu wilo yake, ndipo imasungidwa ku banki yaikulu ya boma. Mu Ogasiti 2018 msilikali yemwe anatumidwa kuti apite nazo ku Cochabamba, komwe a Evo Morales amakaonera perete wa asilikali, ndege inamusiya, iye n'kusiya chikwama m'galimoto ku El Alto n'kulowa m'nyumba za mahule, potuluka chikwama palibe. A Morales anaonera perete uja chifuwa chili pamtunda. Mwamwayi akubawo ataona kuti dziko lonse lili pa iwo anakazisiya pakhomo la tchalitchi ku La Paz, wina n'kuimbira foni a TV. Chaka chotsatira, pa 12 Novembala 2019, a Morales atatula pansi udindo n'kuthawira ku Mexico, mayi Jeanine Áñez anadzilengeza kuti ndi pulezidenti mu palamenti momwe aphungu ambiri munalibe, ndipo chithunzi chomwe chinazungulira dziko lonse lapansi ndi cha msilikali wa yunifomu akuwaveka lamba. Otsatira awo amati zonse zinayenda mwalamulo, otsutsa amangoloza chithunzicho n'kuti taonani manja omwe akuwavekawo. Mu 2022 khothi linawagamula zaka 10.

Kuno kwathu ku Africa malamba otere aliponso, makamaka m'mayiko omwe ankalamulidwa ndi France ndi Portugal, koma ngakhale pa Zimbabwe pompa, abale athu a ku Harare akukumbuka pa 24 Novembala 2017 ku National Sports Stadium pomwe mkulu wa makhothi a Luke Malaba anaveka a Emmerson Mnangagwa lamba wobiriwira ndi tcheni cha m'khosi, a Mugabe atatula pansi udindo masiku atatu m'mbuyo mwake ndipo pamalopo palibe. Ife ku Malawi chomwe timachidziwa ndi lupanga, lija a Chakwera analandira kwa mkulu wa asilikali ku Kamuzu Barracks pa 6 Julayi 2020, mwambo utachepetsedwa chifukwa cha Covid. Koma funso loti kodi wotuluka abwera kapena sabwera nafenso timalidziwa bwino, mu 2014 mayi Joyce Banda sanapezeke ku Kamuzu Stadium ndipo anthu anayankhula, pomwe ku Zambia pa 24 Ogasiti 2021 a Edgar Lungu anapita ku Heroes Stadium kukapereka okha zizindikiro za udindo kwa a Hakainde Hichilema.

Koma dziko lomwe nkhani ya lamba ili ndi mizu yakuya kwambiri ndi Mexico, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Kumeneko lamba ali m'lamulo lenileni la 1984, lomwelo lokamba za mbendera ndi nyimbo ya fuko. Lamulo limanena kuti wovala ndi pulezidenti yekha, limanena ndi masiku omwe ayenera kuvala, polandira udindo, popereka lipoti la chaka ku palamenti, polandira akazembe a mayiko ena, komanso usiku wa pa 15 Seputembala pomwe amaima pakhonde la nyumba ya boma n'kuliza belu kukumbukira wansembe Miguel Hidalgo yemwe anaitana anthu ku Dolores mu 1810 kuti adzuke amenyane ndi Spain. Masiku ena onsewo lamba amakhala m'kati mwa jekete, amangoonekera pachifuwa pomwe pali chiwombankhanga chagolide chikudya njoka, tsiku lokhalo lopatsirana udindo ndi lomwe amavala pamwamba pa jekete. Ndipo ngati ku Chile, wotuluka amavula n'kupereka kwa mkulu wa palamenti, iyeyo n'kupatsa wolowa, wolowayo n'kudziveka. Ngakhale mitundu yomwe anakanganirapo, mu 2010 anasintha lamulo kuti wofiira ukhale pamwamba, mu 2018 anabwezanso wobiriwira pamwamba monga zinalili kale.

Chaka cha 2006 ndi chomwe chinavuta. Chisankho cha pa 2 Julayi a Felipe Calderón anapambana a Andrés Manuel López Obrador ndi mavoti osafika 250,000 pa mavoti oposa 41 miliyoni, kusiyana kwa 0.56 peresenti. A López Obrador anati andibera, tiwerengenso voti iliyonse, bokosi lililonse, otsatira awo anamanga matenti pa msewu waukulu wa Paseo de la Reforma pakati pa Mexico City n'kugona pomwepo mwezi ndi theka, khothi la zisankho linalola kuwerenganso mabokosi ochepa chabe kenako n'kugamula kuti a Calderón ndi omwe apambana. Pa 1 Seputembala aphungu otsutsa anadzaza kutsogolo kwa palamenti moti pulezidenti Vicente Fox analephera kuyankhula, anangopereka lipoti lake pakhomo n'kubwerera. Kenako pa 20 Novembala, pa bwalo lalikulu la Zócalo, pamaso pa chinamtindi cha anthu, a López Obrador analumbira kuti iwo ndiye pulezidenti weniweni, ndipo anavekedwa lamba wawo wosoketsa okha, wa mitundu yomweyo koma chiwombankhanga chake chosiyana, cha nthawi ya Benito Juárez, pulezidenti wa m'ma 1800. Amene anawaveka ndi mayi Rosario Ibarra de Piedra, ndipo sanawasankhe mwangozi, mayi amenewa mwana wawo Jesús anagwidwa ndi achitetezo mu 1975 osaonekanso, iwo anakhala moyo wawo wonse akuyenda ndi chithunzi chake pachifuwa kufunsa boma kuti mwana wanga ali kuti. A López Obrador amadziwa kuti nsaluyo payokha ilibe mphamvu ya lamulo, chomwe amafuna ndi ulemu wa manja amenewo.

Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi. Kutatsala masiku atatu kuti a Calderón alumbire, aphungu a mbali zonse ziwiri anayamba kulimbirana gome la kutsogolo kwa palamenti, nkhonya, kukankhana, mipando kuuluka, ena kubweretsa mabulangete n'kumagona pomwepo usiku kuti anzawo asawalande malo, otsutsa atatseka makomo ndi cholinga choti munthuyo asalowe n'komwe, chifukwa malamulo amati alumbire pamaso pa palamenti. M'mawa wa pa 1 Disembala a Calderón ndi a Fox anangotulukira pa kakhomo kakumbuyo, kuseri kwa mbendera zikuluzikulu zija, atazunguliridwa ndi achitetezo, m'nyumba monse muli mluzu ndi mawezulo ndi kukuwa. A Calderón anatambasula dzanja n'kulumbira mofuula kuti amveke, a Fox anavula lamba n'kupereka kwa mkulu wa palamenti a Jorge Zermeño, iwo kupatsa a Calderón, kudziveka, nyimbo ya fuko, n'kutulukira komwe analowera. Zonse sizinakwane mphindi zisanu. Ine ndikaonera kanema wa tsiku limenelo mtima umandiwawa, chifukwa mwambo womwe unayenera kuuza anthu kuti mkangano watha tiyeni tibwerere ku ntchito unasanduka ngati anthu akulanditsana katundu pa depoti, ndipo chilonda chimenecho a ku Mexico anayenda nacho zaka zambiri.

A López Obrador anayesanso mu 2012 n'kugonja, mu 2018 anapambana ndi 53 peresenti, palibe akanatsutsa. Pa 1 Disembala chaka chimenecho, m'nyumba yomwe ija munali mawezulo, pulezidenti wotuluka a Enrique Peña Nieto anavula lamba mwaulemu n'kupereka kwa mkulu wa palamenti a Porfirio Muñoz Ledo, ndipo munthu yemwe zaka 12 m'mbuyomo anavala wosoketsa yekha pa Zócalo anavala weniweni. Madzulo ake anabwerera pa Zócalo pomwepo, atsogoleri a mitundu ya eni nthaka anawafukiza lubani wakwawo n'kuwapatsa ndodo ya ulamuliro, iwo mpaka anagwada pansi lamba ali pachifuwa.

Tsono pa 1 Okutobala 2024 inafika nthawi yawo yovula. Wolowa anali mayi Claudia Sheinbaum, mzimayi woyamba kukhala pulezidenti wa Mexico pa zaka 200 chiyambire upulezidenti m'dzikolo mu 1824, ndipo aphungu anachita dala kusankha mayi Ifigenia Martínez kukhala mkulu wa palamenti kuti lamba adzere m'manja mwawo. Amenewa anali gogo wa zaka zoposa 90, katswiri wa zachuma yemwe anaphunzira ku Harvard nthawi yomwe akazi a ku Mexico anali asanaloledwe n'komwe kuvotera pulezidenti, mmodzi mwa omwe anatuluka m'chipani cholamula cha PRI m'ma 1980 pamodzi ndi a Cuauhtémoc Cárdenas ndi a Muñoz Ledo n'kuyambitsa gulu lomwe linadzabala onsewa. Mayi Sheinbaum ananena poyera kuti pa tsiku la chisankho, pa pepala lovotera pulezidenti, sanadzivotere okha, analembapo dzina la mayi Ifigenia.

Tsikulo gogoyu anabwera pa njinga ya odwala, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, mawu akutuluka movutikira moti zolankhula zomwe anakonza sanathe kuziwerenga. Nthawi itakwana a López Obrador anavula lamba, anthu anamugwiriza gogo uja kuti aimirire, manja akunjenjemera, analandira nsaluyo n'kuigwira kamphindi kochepa chabe, mayi Sheinbaum anawerama n'kuilandira, msilikali wachitsikana n'kuwathandiza kuikonza paphewa pa diresi yawo yoyera yopetedwa maluwa, m'nyumba monse anthu akufuula kuti presidenta, presidenta. Pa 5 Okutobala, patangotha masiku anayi, mayi Ifigenia anamwalira.